Mbiri ya Inshuwalansi ya Nyumba ndi Katundu wa M'nyumba ku Area 49

Inshuwalansi ya nyumba ndi mgwirizano wolembedwa umene mwini nyumba amalipira kampani ndalama yochepa chaka ndi chaka, ndipo kampaniyo imalonjeza kumubwezera mtengo wa zimene zawonongeka ngati m'chakacho pakhomo pake pagwa ngozi ya moto, mphepo yamkuntho, madzi osefukira kapena umbava. Mgwirizano umenewu uli ndi mbali ziwiri zimene ogwira ntchitoyi sazisakaniza. Mbali yoyamba imateteza nyumba yeniyeniyo, ndiye kuti maziko, makoma, denga, zitseko ndi mapaipi, ndipo m'maofesi a makampani ku Malawi imadziwika ndi dzina lakuti houseowners, pamene yachiwiri, yotchedwa householders, imateteza katundu amene munthu amanyamula posamuka, monga mipando, mabedi, zovala, ziwiya, firiji ndi wailesi ya kanema. Kusiyanitsa khoma ndi katundu kungaoneke ngati nkhani ya m'maofesi mokha, komabe mbiri ya Area 49, dera la mumzinda wa Lilongwe lomwe lili tsidya lina la mtsinje wa Lingadzi kuchokera ku Area 47, imasonyeza kuti umwini wa khoma ndi umene wakhala ukugamula za amene asenze mtolo ngozi ikagwa, ndiponso kuti inshuwalansi ya makampani yakhala ikufika pokhapo pamene pafika chiphaso cha umwini wa malo ndi ngongole ya kubanki.

Mzinda usanabwere, malo amene lero akudziwika ndi manambala anali midzi ya Achewa, minda ndi madambo, ndipo kumeneko nyumba sinali chuma chogulitsa. Malo ankagawa ndi mfumu, mwamuna wolowa chikamwini ankamanga pamudzi pa mkazi wake, ndipo zipangizo zonse, kuyambira mitengo, nsungwi, luzi ndi dothi mpaka udzu wofolera, zinkachokera kutchire ndi kudambo popanda kutulutsa ndalama. Chuma chenicheni cha banja chinali m'nkhokwe ndi m'khola, n'chifukwa chake nkhokwe ankaimika motalikirako ndi nyumba yogona, ndipo nyengo ya lupsa ikayandikira anthu ankalambula kuzungulira mudzi kuti moto wolusa usapeze podutsa. Nyumba ikapsa, chotayikacho chinkawerengedwa m'masiku a ntchito: abale ndi anansi ankadula mitengo, amayi ankamweta udzu ndi kuzira, ena ankapatsa banjalo mphika, mphasa kapena dengu la chimanga, ndipo wothandizidwayo ankadziwa kuti tsiku lina nayenso adzaitanidwa. Dongosolo limeneli silinalembedwe paliponse, koma linali ndi chilango chake, popeza munthu wozemba ntchito za anzake ankadzaona pa tsiku la tsoka lake kuti pakhomo pake pafika anthu owerengeka.

Inshuwalansi ya moto yolipira ndalama inabadwira m'mizinda ya ku Ulaya, kumene nyumba zinali zothithikana ndiponso zomangidwa ndi zipangizo zogula. Moto waukulu wa mu London m'chaka cha 1666 unapsereza nyumba zoposa 13,000, ndipo pasanathe zaka 20 Nicholas Barbon anali atatsegula ofesi yolandira ndalama kwa eni nyumba ndi lonjezo lowathandiza kumanganso, pamene ku Hamburg thumba la mzinda la ntchito yomweyi linakhazikitsidwa mu 1676. Ku Nyasaland ntchitoyi inafika ndi amalonda ndi eni maesiteti, ndipo zimene zinkatetezedwa zinali masitolo, nyumba zosungiramo fodya ndi tiyi, katundu wa paulendo, ndi nyumba za azungu ndi amwenye, kudzera mwa oimira makampani amene malikulu awo anali kunja kwa dziko. Lamulo loyendetsa inshuwalansi la chaka cha 1957 linapangidwa m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linapitiriza kugwira ntchito kwa zaka zoposa 50, dziko litalandira kale ufulu. Mmalawi wokhala ku Kawale, Biwi kapena Mchesi m'zaka zimenezo sankawerengedwa n'komwe ngati munthu woti n'kugulitsidwa chitetezo chotere.

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda litaganiza mu 1965 zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe lomanga mzinda watsopano la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, chaka chimene dziko la South Africa linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira ntchitoyo, ndipo mzinda wa Lilongwe unakhala likulu mu 1975. Anthu okhalamo, amene pa kalembera wa 1966 sankafika 20,000, anali atayandikira 100,000 pofika 1977, ndipo mu 1987 anali atapitirira 220,000. Mapulani a mzindawo anagawa anthu molingana ndi kapezedwe kawo, ndipo pa nkhani ya umwini wa nyumba panatuluka magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba linali la ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe a boma, amene ankapatsidwa nyumba za boma kapena za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Kwa anthu amenewa khoma ndi denga zinali za olemba ntchito, ndipo denga likasasuka ndi mphepo iwo ankangokanena ku ofesi. Chawo chinali katundu yekha, amene ankayenera kukwana m'lole imodzi pa tsiku la kalata yosamutsidwa. Gulu lachiwiri linali la anthu amene ankapatsidwa mapuloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas, kumene boma linkalambula misewu, kudula mapuloti ndi kuika malo otungapo madzi, kenako n'kumusiya munthu kuti amange yekha ndi zimene angakwanitse. Ambiri anamanga ndi zidina, ndiye kuti njerwa zosaotcha, ndipo pepala limene anali nalo linali chilolezo chokhalira papulotipo, losafika pa chiphaso chimene banki ingalandire ngati chikole.

Motero pamene kampani ya National Insurance Company, imene lero imadziwika kuti NICO, inkayamba ntchito mu 1971, chaka chomwe ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi, magulu onse awiri analibe chowapititsa ku ofesi yake: oyamba analibe nyumba yawoyawo, ndipo achiwiri anali ndi nyumba zimene makampani sankaziwerengera m'gulu la zomangidwa bwino, popeza mitengo yawo ya inshuwalansi inakonzedwa poganizira makoma a njerwa zootcha kapena simenti ndi denga la malata kapena mataile.

Khomo limene inshuwalansi ya nyumba inalowera m'mabanja a Amalawi linali ngongole. Bungwe la New Building Society, limene linapangidwa mu 1964 pophatikiza mabungwe atatu a m'nthawi ya chitaganya, ndilo linkabwereketsa ndalama zogulira kapena kumangira nyumba, ndipo nyumbayo inkakhala chikole mpaka ngongole ithe. Popeza chikole chopsa sichingabweze ndalama, wobwereketsa aliyense amafuna kuti nyumba ya pangongole ikhale pa inshuwalansi, ndipo kawirikawiri malipiro ake amadulidwa pamodzi ndi ngongoleyo, kotero kuti eni nyumba ambiri ankalipira popanda kuwerengapo mgwirizanowo. Chitetezo chimenechi chinali cha makoma ndi denga, ndipo woyamba kupindula nacho anali wobwereketsa. Katundu wa m'nyumba sankakhudzidwa, ndipo ngongole ikatha mabanja ambiri ankasiya kulipira, poganiza kuti inali mbali imodzi ya ngongoleyo. N'zosadabwitsa kuti ntchito ziwirizi zinadzakhala pansi pa mwini mmodzi, pakuti New Building Society itasanduka NBS Bank mu 2004, gawo lalikulu la masheya ake linali m'manja mwa NICO Holdings, kampani imene mu 1996 inali yoyamba kulembetsedwa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange.

Area 49 inakula kwambiri likulu litakhazikika kale, ndipo makamaka Capital City Development Corporation itathetsedwa mu 1984 ndi ntchito zake kugawidwa kwa Malawi Housing Corporation, khonsolo ya mzinda ndi nthambi ya boma yoona za malo. Mwina palibe dera lina mu Lilongwe limene mitundu ya umwini inasanjikizana moonekera chotere. Kuli Proper, kuli Gulliver wakale ndi watsopano, kuli Shire, kuli Dubai ndi Bagdad, kuli nyumba zimene anthu anamanga ndi ngongole za Habitat for Humanity, kuli za bungwe la Malawi Homeless People's Federation, ndiponso kuli mpanda wa Guoji Dream Town, umene kampani ya ku China ya Henan Guoji inamanga mogwirizana ndi Malawi Housing Corporation kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Munthu woyenda wapansi angadutse m'kanthawi kochepa kuchoka pa nyumba ya chiphaso ndi ngongole ya kubanki kufika pa nyumba imene umboni wake wonse ndi kalata ya mfumu ndi mboni ziwiri zimene zinaona ndalama zikusintha manja.

M'zaka za m'ma 1990 madera a mapuloti anaperekedwa m'manja mwa khonsolo, ndipo m'zaka zotsatira nyumba zambiri za boma ndi za Malawi Housing Corporation m'mizinda zinagulitsidwa kwa okhalamo. Kugulitsaku kunasamutsa umwini pamodzi ndi chiopsezo chake, koma sikunasamutse chizolowezi choteteza nyumba, pakuti munthu amene kwa zaka zambiri ankakanena ku ofesi za denga lodontha anadzuka ali mwini wa denga lomwelo popanda womuuza kuti likapsa palibe ofesi yokanenako. Vuto linali lalikulu pa nyumba zophatikizana, zimene mabanja awiri amagawana khoma lapakati ndi denga limodzi. Nyumba yotere ikagulitsidwa kwa anthu awiri, moto woyamba kukhitchini ya mmodzi umayenda m'mitengo ya kudenga n'kufika kwa mnzake, ndipo ngati mmodzi yekha ndiye ali ndi inshuwalansi, kampani imakonza mbali yake yokha, n'kusiya funso la khoma lapakati kuti eni akewo akambirane.

Funso lomweli limabuka tsiku ndi tsiku m'nyumba za mdadada, zomwe ndi zipinda zochititsa lendi zondandalikidwa pansi pa denga limodzi, kawirikawiri kuseri kwa nyumba ya mwini puloti. Mdadada ndi umene wasunga anthu ambiri obwera mumzinda, umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 989,000, ndipo kwa mwini puloti mdadadawo ndi penshoni. Makoma olekanitsa zipinda nthawi zambiri safika kudenga, mawaya a magetsi amachoka pa mita imodzi n'kulumikizidwa chipinda ndi chipinda ndi amisiri osiyanasiyana, ndipo kuphika kumachitika pa mbaula ya makala pakhonde kapena m'katimo mvula ikagwa. Kuthimathima kwa magetsi kwa m'zaka za 2016 ndi 2017, pamene madzi anachepa m'nyanja ya Malawi ndi mu mtsinje wa Shire, komanso kwa mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kunabweza makandulo m'zipinda zimenezi, ndipo magetsi akayaka usiku ankapeza mbaula za magetsi ndi zitsulo zositira zili zosathimitsa. Moto ukabuka pamalo otere, landilodi amataya nyumba ndi lendi ya miyezi yonse yomanganso, pamene ochita lendi amataya katundu, ndipo ngakhale landilodiyo atakhala ndi inshuwalansi, mgwirizano wake sukhudza matiresi kapena masatifiketi a sukulu a wina aliyense wokhalamo. Mlandu wakuti moto unayamba ndi yani umapita kwa mfumu ya m'tauni kapena kwa mkulu wa buloko, ndipo kawirikawiri umatha ndi chipepeso, popeza wolakwayo nayenso amakhala atatsala ndi zovala za m'thupi zokha. M'migwirizano ya makampani muli gawo lolipira zimene mwini mgwirizano wawonongera anthu ena mwangozi, lomwe likanathetsa milandu yotereyi, koma ndi ochepa amene anamvapo za gawo limeneli.

Ndalama zimene mabanja a ku Area 49 sanapereke ku makampani anaziika m'zinthu zooneka ndi maso: mpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi osweka kapena waya pamwamba, geti lachitsulo, zitsulo za m'mawindo, agalu, mlonda, ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi ka achitetezo a m'dera amene amayendayenda usiku ndi malikhweru ndi zibonga, ntchito imene inafala apolisi atayamba kugwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kusankha kumeneku sikunali kwa umbuli. Mgwirizano wa katundu wa m'nyumba umalipira umbava pokhapo pamene pali umboni wakuti akuba anathyola, umafuna lipoti la apolisi, umadula kandalama koyamba kamene mwini katundu amayenera kusenza yekha, ndipo umayenda bwino pamene pali malisiti, chonsecho katundu wambiri wa m'nyumbazi anagulidwa wogwiritsidwa kale ntchito pamsika kapena anabwera pabasi kuchokera kwa m'bale wa ku Joni. Chodandaulitsa n'chakuti zitsulo za m'mawindo zimene zimatsekera wakuba kunja ndi zomwezo zimene zimatsekera banja m'kati moto ukatseka chitseko.

Gawo la Area 49 limene linayandikira kwambiri nzeru yosonkha pamodzi ndi la Federation. Bungwe la Malawi Homeless People's Federation, limene ambiri mwa mamembala ake anali amayi ochita lendi m'madera monga Mtandire, linayamba mu 2003 mothandizidwa ndi Centre for Community Organisation and Development, ndipo khonsolo ya Lilongwe inalipatsa mapuloti 222 ku Area 49. Mamembala ankasunga ndalama pang'onopang'ono m'magulu awo, ankasonkha ku thumba la Mchenga limene linkabwereketsa ndalama zomangira, ndipo ankaumba okha zidina. Thumbalo linali la ngongole yozungulira, osati inshuwalansi, koma linasonyeza kuti anthu opeza movutikira angathe kusonkha mokhulupirika pamene osunga ndalama ndi anthu amene amawadziwa. Chimodzimodzinso m'magulu a banki m'khonde mumakhala kathumba ka zadzidzidzi kothandiza pa matenda, maliro kapena moto. Malire a timatumba totere amaonekera pamene tsoka lagwera onse nthawi imodzi, chifukwa opereka ndi olandira amakhala anthu omwewo.

Zimenezi zinaoneka mu Febuluwale 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ndi katundu ku Mtandire ndi m'mbali mwa Area 47 ndi Area 49, mpaka asilikali anagwiritsa ntchito helikopita populumutsa ana amene anazingidwa ndi madzi. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anachitanso chimodzimodzi ku Kawale, Biwi ndi madera oyandikana nawo. Zambiri mwa nyumba zimene zinagwa zinali za zidina, zomangidwa m'mphepete mwa mitsinje imene magombe ake anali atadyedwa ndi kukumba mchenga ndi kuumba njerwa, ndiye kuti nyumba zomwezo zimene kampani ingakane kuteteza kapena ingafune malipiro okwera. Thandizo linachokera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene maziko ake anali lamulo la 1991 lomwe linapangidwa napolo atasakaza ku Phalombe, komanso ku mipingo ndi anthu akufuna kwabwino. Thandizo lotere limakhala chimanga, mabulangete, ndowa ndi mapepala a pulasitiki, zokwanira kupulumutsa moyo kwa milungu ingapo koma zosakwanira kuimikanso khoma.

Ngakhale kwa amene ali ndi mgwirizano, kugwa kwa mphamvu ya kwacha kwakhala kukudya chitetezo chawo mwakachetechete. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250, mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo nthawi zonsezi mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera. M'migwirizano ya inshuwalansi muli mfundo yakuti munthu amene walembetsa nyumba pa mtengo wochepera mtengo woimanganso amatengedwa kuti gawo lotsalalo wadziteteza yekha. Mwachitsanzo, ngati kumanganso nyumba kungadye K80 miliyoni koma mwini wake anailembetsa pa K40 miliyoni, ndipo moto wawononga mbali imene kukonza kwake kukufuna K20 miliyoni, kampani imapereka K10 miliyoni yokha. Wolandira theka chotere amachoka ndi maganizo akuti waberedwa, ndipo nkhani yake imayenda m'dera mofulumira kuposa kulengeza kulikonse kwa pa wailesi. Malamulo a 2010, a Insurance Act ndi Financial Services Act, anaika makampani pansi pa Registrar of Financial Institutions, udindo umene umagwiridwa ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo anatsegula njira yoperekera madandaulo, komabe inshuwalansi yokhayo imene anthu wamba amaidziwa bwino ndi ya galimoto, chifukwa lamulo la pamsewu limaikakamiza ndipo apolisi amaifunsa pa rodibuloko.

Mtundu wa umwini umene umakakamiza eni nyumba kusiyanitsa khoma ndi katundu mwalamulo ndi wa zigawo, umene munthu amakhala ndi chiphaso cha chipinda kapena fulati yake m'nyumba imodzi yaikulu, pamene malo, maziko, denga, masitepe ndi mapaipi akuluakulu zimakhala za eni zigawo onse pamodzi. Dongosololi linakhazikitsidwa ku New South Wales m'dziko la Australia mu 1961, ku South Africa mu 1971, ndipo ku Zambia lamulo lofanana nalo linabwera mu 1994. Ku South Africa bungwe la eni zigawo limakakamizidwa ndi lamulo kuika nyumba yonse pa inshuwalansi pa mtengo woimanganso, ndipo malipiro ake amachokera m'msonkho umene mwini gawo aliyense amapereka mwezi ndi mwezi, pamene katundu wa m'kati aliyense amadzionera yekha. Amalawi amene anakhalapo m'mafulati a ku Hillbrow mumzinda wa Johannesburg anaonanso mbali ina ya dongosololi, pakuti m'nyumba zimene eni zigawo anasiya kusonkha, zikepe zinaima, madzi ndi magetsi zinadulidwa, ndipo bungwe lopanda ndalama silikanatha kulipirira inshuwalansi ya nyumbayo.

Ku Malawi lamulo la Registered Land Act la 1967 linakonzedwa polembetsa zidutswa za malo, osati zipinda zosanjikizana, kotero kuti kwa zaka zambiri mafulati a mu Lilongwe ankakhala a mwini mmodzi, kaya boma, bungwe kapena kampani, ndipo okhalamo anali ochita lendi. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la umwini wa zigawo, la Sectional Titles, mu 2024, pa nthawi imene mapuloti a pafupi ndi pakati pa mzinda anali atayamba kusowa ndipo omanga anayamba kuyang'ana m'mwamba. Ku Area 49 lamuloli lingakhudze poyamba mipanda ya nyumba zambiri zogwiritsa ntchito geti limodzi, msewu umodzi ndi thanki imodzi ya madzi, komanso nyumba zophatikizana ngati eni ake atasankha kuzilembetsa motero. Mdadada uli kunja kwa dongosololi, popeza mwini wake ndi mmodzi ndipo okhalamo alibe gawo lililonse la khoma loti angalembetse.